Nthano imakoma anthu atadya, abwana

Zaka zingapo zapitazo kampani ina imene ndinkagwirako ntchito inatikweza tonse basi kupita ku nyanja, ku Mangochi, akuti tikamange umodzi. Anatigawira matisheti a mtundu umodzi, kuyambira mesenjala mpaka akuluakulu a m'maofesi a pamwamba. Madzulo a tsiku loyamba abwana aakulu anakhala pa mpando wapulasitiki ngati wina aliyense nayamba kutisimbira za ubwana wawo: mmene ankayendera mtunda wautali kupita kusukulu opanda nsapato, mmene mayi awo ankakazingira zitumbuwa kuti fizi ipezeke, mmene anagonera pa depoti ya mabasi usiku woyamba atafika m'tauni. Nkhaniyo inali yoona ndipo anaikamba bwino. Mayi wina wa ku akaunti anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Inenso pakhosi panandiuma.

Tsikulo linali pa 9, ndipo malipiro a mwezi wathawo anali asanalowe. Tikubalalika kupita kokagona, dalaivala amene anatiyendetsa anandikoka mkono nandinong'oneza kuti, "Achimwene, nkhani ija ndi yokoma. Ndikawasimbire alandilodi anga, mwina andikhululukira lendi."

Dalaivala uja ndimamukumbukira nthawi zonse ndikamva kuti kwabwera mphunzitsi wina wa utsogoleri, wanyamula laputopu ndi projekita, kudzaphunzitsa mabwana luso lokamba nkhani pofuna kuti ogwira ntchito aziika mtima pa ntchito yawo. Malonda amenewa akula zedi. Mabuku alembedwa ambirimbiri, sukulu za bizinesi za ku America ndi ku Ulaya zili ndi maphunziro ake, ndipo kuno kwathu semina ya mamanijala sitha popanda wina kuimirira n'kunena kuti mtsogoleri wabwino ayenera kukhala ndi nkhani yake. Chimene chikudyetsa malondawa n'chodziwika. Bungwe la Gallup, limene limafunsa ogwira ntchito m'mayiko ochuluka chaka ndi chaka, linapeza kuti mu 2024 anthu 21 okha pa 100 aliwonse ndi amene mtima wawo unalidi pa ntchito imene amagwira. Otsalawo amabwera, amasaina m'buku, amadikira 5 koloko. Bwana aliyense akamva zimenezi amafuna mankhwala, ndipo mankhwala otchipa kuposa onse ndi a pakamwa.

Sindikunena kuti nkhani ilibe mphamvu. Munthu amene anakulira pa mphasa ya agogo sangayerekeze kunena zotero. Ngakhale mbiri ya malonda amenewa ili ndi chiyambi cholemekezeka, ndipo chikukhudza dera lathu lino. Mu 1996 bambo wina wa ku Australia, Stephen Denning, amene ankagwira ntchito ku World Bank, anapatsidwa udindo umene anzake ankauona ngati kumukankhira pakona: kuyang'anira za kasungidwe ndi kagawidwe ka nzeru zimene bankiyo inasonkhanitsa pa zaka zonse. Anayesa kukopa akuluakulu ndi matchati, malipoti ndi ziwerengero, koma anthu ankangoyasamula. Kenaka anayamba kusimba kankhani kakafupi. Mu June 1995, wogwira ntchito za umoyo m'tauni ina yaing'ono ya ku Zambia, kutali ndi Lusaka, analowa pa intaneti n'kupeza yankho la kachizidwe ka malungo pa tsamba la bungwe la CDC la ku Atlanta. Denning ankamaliza ndi funso lakuti World Bank, ndi nzeru zake zonse za umphawi ndi chitukuko, inali kuti pamene munthuyu ankafuna thandizo. Kankhani kameneka kanachita zimene matchati analephera, moti mu October 1996 pulezidenti wa bankiyo, James Wolfensohn, analengeza kuti bungwelo likhalenso nkhokwe ya nzeru, lisamangokongoza ndalama. Denning analemba buku lakuti The Springboard, ndipo ambiri mwa aphunzitsi a masiku ano amatunga pa chitsime chimenecho, kaya akudziwa kaya sakudziwa.

Koma taonani bwino kankhaniko. Mulibe Denning. Mulibe za nsapato zake, mayi ake, kapena usiku umene anagona ndi njala. Mwini nkhani ndi munthu wamba wa ku chipatala cha kumudzi, ndipo nkhaniyo ikuloza chala bungwe lomwelo limene likumvetsera. Zimene zafika m'masemina athu n'zotembenuza. Mwini nkhani ndi bwana, mdani ndi umphawi umene bwanayo anaugonjetsa yekha ndi khama lake, ndipo phunziro lake, ngakhale salitchula, ndi lakuti iwe amene ukadali pansi khama lako ndi lochepa.

Palinso kafukufuku amene aphunzitsiwa amakonda kutchula koma samufotokoza mpaka kumapeto. Adam Grant, katswiri wa za maganizo a anthu pa ntchito, anafufuza achinyamata amene ankaimbira mafoni anthu omwe anaphunzira pa yunivesite ina ya ku America kuwapempha ndalama zothandizira ophunzira osowa. Ntchito yotopetsa, yotukwanidwa, yodulidwa foni m'khutu. Grant anabweretsa wophunzira mmodzi amene ankaphunzira ndi ndalama zimenezo kuti acheze ndi oimba mafoniwo kwa mphindi zisanu zokha. Patatha mwezi, nthawi imene ankakhala pa foni inakwera ndi 142 peresenti, ndalama zimene ankatolera zinakwera ndi 171 peresenti. Apa m'pamene aphunzitsi amaimira n'kudikira kuwomba m'manja. Chimene amasiya ndi chakuti pa kafukufuku wotsatira, uthenga wonga womwewo utachokera pakamwa pa mabwana, kagwiridwe ka ntchito sikanasinthe. Ogwira ntchito anakhulupirira wophunzira chifukwa analibe chopindula powanamiza. Bwana akamakuuza kuti ntchito yako ndi yofunika, khutu lina limamva mawu, lina limawerengera kuti iye apindula zingati ukawonjezera thukuta.

Achewa anazindikira kale chimene kafukufukuyu anapeza, ndipo anachiika m'kakambidwe ka nthano komweko. Wokamba akati "Padangotero," sapitiriza mpaka omvera atayankha kuti "Tili tonse." Amayankha mobwerezabwereza mpaka nthano ithe, ndipo nyimbo ikafika amavomera ndi iwo. Mawu awiri amenewa ndi chilolezo. Omvera akatopa, kuyankha kumazilala, ndipo wokamba wanzeru amadziwa kuti afupikitse. Akapotoza nthano imene ana akuidziwa, amamudula pomwepo: "Iyayi agogo, Kalulu sanatero!" Ndipo akamaliza, wina amatenga, ngakhale kamwana ka zaka zisanu ndi chimodzi kali ndi ufulu woyamba yake. Chinanso n'chakuti nthano sinkakambidwa masana anthu ali kumunda. Inkadikira madzulo, mbale zitatsukidwa, mimba zitakhuta. Palibe gogo amene anasonkhanitsapo adzukulu a njala n'kuwauza kuti lero nsima kulibe koma ndili ndi nthano ya Fisi yokoma kwambiri.

Fanizirani zimenezi ndi msonkhano wa Lolemba mmawa ku ofesi. Wokamba ndi mmodzi, yemweyemweyo sabata iliyonse. Omvera sangamudule, sangamukonze, sangatuluke. Amene ayasamule dzina lake likumbukiridwa nthawi yokweza anthu pa ntchito. Pamapeto onse amawomba m'manja, ndipo bwana amabwerera mu ofesi mwake ali wokhutira kuti wawafika pamtima. Kuwomba m'manja kwa munthu amene mwagwira malipiro ake sikukuuzani kanthu. "Tili tonse" wokakamiza ndi phokoso chabe.

Amalawi tiyenera kudziwa zimenezi kuposa anthu ena, chifukwa tinakhala zaka makumi atatu pansi pa katswiri wokamba nkhani. Kamuzu Banda anali ndi zake zimene aliyense wa msinkhu wanga ndi woposa anaziloweza: ulendo wapansi ali mnyamata kupita kum'mwera kukafuna maphunziro, kubwerera kwake pa Chileka pa 6 July 1958, kuphwanya chitaganya, ndende ya ku Gwelo ndi maloto ake a likulu ku Lilongwe, yunivesite ku Zomba ndi msewu wa m'mbali mwa nyanja. Zina mwa zimenezo zinachitikadi, ndipo n'chifukwa chake nkhanizo zinagwira anthu poyamba. Koma wokamba anali mmodzi, ndipo amene anayesa kunena kuti "Kalulu sanatero" anakathera ku ndende ya Mikuyu kapena koipa kuposa kumeneko. Mabwalo ankadzaza, nthungululu zinkamveka. Mu May 1992 ogwira ntchito pa fakitale ya nsalu ya David Whitehead ku Blantyre ananyanyala ntchito, sitalaka inafalikira m'tauni monse, ndipo pa 14 June 1993 anthu oposa 60 pa 100 aliwonse anavotera zipani zambiri. Nthungululu zonse zija sizinamuuze mwini wake zimene anthu ankakamba m'nyumba zawo atatseka zitseko. Bwana wa kampani si pulezidenti, inde, koma matenda ake ndi amodzi: kuyesa kuti chete wa anthu ndi chivomerezo.

Ndipo musaganize kuti makampani amene anagwa chifukwa cha chinyengo analibe nkhani zokoma. Anali nazo zokoma kuposa ena onse. Enron ya ku Houston inkadzitcha kampani yosintha dziko, inali ndi buku la makhalidwe abwino la masamba 64, ndipo mwa mfundo zake zinayi zikuluzikulu munali ulemu ndi kukhulupirika. Mu September 2001 wapampando wake, Kenneth Lay, analimbikitsa ogwira ntchito kuti masheya a kampaniyo ndi otsika mtengo, ndi bwino kugula, pamene iye mwini anali atagulitsa ake ambiri. Masheya amene anafika madola 90 mu August 2000 anatsika kufika pansi pa dola imodzi. Pa 2 December 2001 kampani inagwa, anthu pafupifupi 4,000 anachotsedwa ntchito nthawi imodzi, ndipo ambiri anataya ndalama zawo za paukalamba chifukwa anaziika m'masheya omwewo. Amene anapsa kwambiri ndi amene anakhulupirira kwambiri. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ya Wells Fargo ndiye imandiwawa koposa, chifukwa ikuonetsa amene amalipira nthano ya bwana ikasemphana ndi zochitika. Banki imeneyi, imene inayamba mu 1852, ili ndi mbiri imene wokamba nkhani aliyense angaisirire: ngolo zokokedwa ndi akavalo zonyamula makalata ndi golide kudutsa m'zipululu, chizindikiro cha kukhulupirika. Ogwira ntchito ankauzidwa kuti iwo ndi gulu limodzi losamalira makasitomala. Koma pansi pa nkhani imeneyo panali nambala: banja lililonse la kasitomala ligulitsidwe zinthu zisanu ndi zitatu za bankiyo, ndipo wolephera kufikitsa chiwerengero chake ankadziwa kuti ntchito ili pa ulusi. Anthu anayamba kutsegula maakaunti m'mayina a makasitomala eni ake osadziwa. Mu September 2016 bankiyo inalipitsidwa chindapusa cha madola 185 miliyoni, ndipo zinadziwika kuti inali itachotsa kale anthu pafupifupi 5,300, ambiri a iwo a m'maudindo a pansi. Maakaunti okayikitsa poyamba ankati ndi 2 miliyoni, pambuyo pake chiwerengero chinakwera kufika 3.5 miliyoni. Ena amene anadandaula za mchitidwewu kudzera m'njira zimene kampani yomweyo inakhazikitsa anachotsedwa ntchito. Mkulu wa bankiyo, John Stumpf, anatula pansi udindo mu October 2016. Ogwira ntchito aja anamva nkhani ziwiri, ya ngolo ndi ya nambala, ndipo anadziwa bwino lomwe imene inali ndi mano.

Pa kampani iliyonse pamakhala nkhani ziwiri zimenezi. Ina imakambidwa m'chipinda cha misonkhano, ina imakambidwa pa chiwaya nthawi ya nkhomaliro, mu minibasi ya ku Ndirande kapena ku Area 25, ndi pa gulu la WhatsApp limene bwana sanaikidwemo. Wolowa ntchito kumene amamva yoyamba tsiku loyamba, ndi kabuku kake kosindikizidwa bwino. Yachiwiri amaimva lisanathe sabata: kuti uje anapempha tchuthi mwana wake atagonekedwa m'chipatala anamuyankha chiyani, kuti uje anaulula zakuba za mkulu wina anathera kuti, kuti ovataimu ya December inalipidwa liti, kuti mlamu wa abwana analowa bwanji popanda intavyu. Yachiwiriyi ndi imene imalamulira kuti munthu adzuka ndi mtima wotani mmawa. Ndipo bwana alibe mphamvu yoikamba. Iye amangokhala munthu wa m'nkhanimo, ngati Fisi kapena Kalulu, malinga ndi zimene wachita.

Nkhani za pansizi si miseche yokhayokha, ndipo bwana amene amaziona choncho akutaya chuma. M'zaka za m'ma 1980 kampani ya Xerox inali ndi katswiri wa chikhalidwe cha anthu, Julian Orr, amene anayenda ndi amakaniko okonza makina a fotokope kuti aone mmene amagwirira ntchito. Kampani inkakhulupirira kuti amakanikowo amatsata buku la malangizo. Orr anapeza kuti makina akavuta mwa njira imene buku silinaganizire, chimene chinkawapulumutsa ndi nkhani zimene ankasimbirana pa kadzutsa ndi pa nkhomaliro: makina akuti a pamalo akuti ankachita zakuti, tinayesa chakuti chinakanika, mpaka tinapeza kuti vuto ndi kachitsulo kakuti. Nthawi imene manijala wouma mutu akanati ndi yongocheza inali sukulu yeniyeni ya kampaniyo. Pambuyo pake Xerox inakonza nkhokwe ya pa kompyuta yotchedwa Eureka, mmene amakaniko ankalembamo nzeru zawo, anzawo n'kuzitsimikizira, ndipo dzina la mwini nzeru linkalembedwa pambali pake. Aliyense amene anakhalapo pa garaja ku Biwi kapena ku Ndirande akudziwa kale zimenezi. Ndi mmene mnyamata wa sipanala amaphunzirira kumva injini ndi khutu.

Ndiye funso langa kwa mabwana amene mwalipira semina ya kukamba nkhani ndi ili: munamva liti nkhani ya mlonda wanu? Osati pa mwambo wopereka mphoto, pamene mwamuitana kutsogolo kuti ajambulitse nanu chithunzi, koma tsiku wamba, iye akukamba, inu muli chete. Pa bwalo la milandu kumudzi mfumu siyamba kulankhula. Odandaula amakamba, oyankha amakamba, mboni, ankhoswe, nduna, ndipo mfumu imamanga mawu pomaliza itamva onse. Mfumu yoyamba ndi kusimba za unyamata wake anthu atabwera ndi mlandu wa malire a munda, anthu amakaiseka kuseri.

Pali mtsogoleri mmodzi amene aphunzitsi a nkhani amamutchula kawirikawiri, ndipo ndikuvomereza kuti ndi chitsanzo chabwino, koma pa chifukwa chosiyana ndi chawo. Paul O'Neill atatenga utsogoleri wa Alcoa, kampani yaikulu ya aluminiyamu ku America, mu 1987, anadabwitsa eni masheya ku New York polankhula za chinthu chimodzi chokha: kuti munthu asavulale pa ntchito. Sanayambe ndi phindu. Ena anatuluka m'chipindamo akuganiza kuti kampani yapatsidwa kwa munthu wosokonezeka. Mawu amenewo pawokha sanali kanthu, chifukwa fakitale iliyonse padziko ili ndi chikwangwani cha chitetezo pa geti. Chimene chinawasandutsa nkhani ndi zimene zinatsatira. Anapereka nambala ya foni ya kunyumba kwake kwa ogwira ntchito wamba kuti amuimbire ngati mamanijala awo sakukonza zoopsa. Analamula kuti munthu akavulala paliponse, iye auzidwe pasanathe maola 24, pamodzi ndi dongosolo loti zisadzachitikenso. Mnyamata wina atafa pa makina ku fakitale ya ku Arizona, O'Neill anasonkhanitsa akuluakulu n'kuwauza kuti imfayo ndi kulephera kwa utsogoleri wake, sanakankhire wakufayo. Ndipo mu 1996, zitadziwika kuti ku fakitale ina ya ku Mexico anthu anadwala ndi mpweya woipa koma lipoti silinafike ku likulu, anachotsa ntchito mkulu wa nthambiyo, munthu amene ankabweretsa phindu lochuluka. Pamene O'Neill ankachoka, chiwerengero cha ovulala mpaka kujomba ku ntchito chinali chitatsika kuchoka pa 1.86 kufika pa 0.2 pa anthu 100 aliwonse, ndipo phindu la kampani linali litakwera kasanu.

Nkhani ya nambala ya foni ndi ya mkulu wochotsedwa uja sanaifalitse ndi O'Neill yekha. Anaifalitsa ndi anthu a m'mafakitale, pa chiwaya chawo cha kumeneko. Iye anangoilipira, ndipo mtengo wake unali tulo take ndi mnzake wa pa udindo.

Tsono tibwerere kwathu, kumene mawu okondedwa kwambiri pakamwa pa mabwana ndi akuti "pano ndife banja limodzi." Ndikamva mawu amenewa ndimagwira thumba. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Kwa ife banja ndi mawu olemera: m'banja mwana sachotsedwa chifukwa chaka chino sitinakolole bwino, ndipo bambo sadya nyama kuchipinda ana akudya nsima ya mchere pakhonde. Bwana akabwereka mawu amenewa amafuna mbali imodzi yokha ya banja, ija yakuti mwana sawerengera maola, safunsa malipiro, satengera bambo ake ku khoti. Yesani kutchula za yuniyoni m'banja limeneli muone mmene nkhope ya bambo isinthire. Chonsecho lamulo la dziko lino limalola ogwira ntchito kukhala ndi bungwe lawo, ndipo khoti la milandu ya pa ntchito linakhazikitsidwa chifukwa aliyense akudziwa kuti kampani si banja. Ndi mgwirizano wa ntchito ndi malipiro, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo.

Wogwira ntchito wa ku Malawi wadutsa m'zaka zimene nthano singazifewetse. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ndi boma anakwezedwa kuchoka pa K50,000 kufika pa K90,000 kumayambiriro kwa 2024, koma aliyense wogula ufa, mafuta ophikira ndi sopo akudziwa amene anapambana pa mpikisano umenewo. Ambiri mwezi umawathera pa 10, masiku otsalawo ndi a katapila ndi banki mkhonde. Lamulo la penshoni limati olemba ntchito aziika 10 peresenti, wogwira ntchito 5 peresenti, koma nkhani ya makampani amene amadula 5 peresenti ija pa pepala la malipiro osaitumiza kumene ikuyenera kupita yakhala ikutuluka m'nyuzipepala chaka ndi chaka. Munthu amadzazindikira tsiku lopuma ntchito kuti nkhokwe imene ankaiona pa pepala ilibe chimanga. Bwana amene akuchita zimenezi, n'kumaimirira Lolemba kusimba za masomphenya a kampani, akuchita zimene amachita wakuba mu minibasi: kukuchezetsa kuti usamve dzanja m'thumba.

Ndikudziwa chimene ena ayankhe, ndipo ndi yankho loyenera kulimva. Ati si bwana aliyense wochedwetsa malipiro amene ndi wakuba. Alipo amene boma silinawalipire katundu amene anapereka chaka chatha, amene akhala miyezi pa mzere ku banki kudikira madola oitanitsira zipangizo, amene magetsi akazima amawotcha phindu lonse mu jenereta. Kodi ameneyu akhale chete chifukwa alibe ndalama? Ayi. Ameneyu ndiye ali ndi nkhani yoyenera kukamba, koma ndi ija imene mabwana amaiopa: kutsegula mabuku, kunena kuti talowetsa zakuti, tili ndi ngongole yakuti, amene sanatilipire ndi awa, malipiro a akuluakulu tawadula ndi mwakuti kuyambira ndi anga, ndipo galimoto yatsopano ija sitigula. Anthu athu amadziwa kupirira chaka cha njala, bola aone kuti nkhokwe ya mfumu nayonso yatsika. Chimene sakhululuka ndi kuuzidwa kuti timange malamba pamene Prado yatsopano yaima panja, mapepala a pulasitiki akadali pa mipando.

Nkhani yotereyi siifuna semina. Imafuna kulimba mtima, ndiponso kulola kuti wina akudule pakati n'kufunsa kuti nanga ulendo wa ku Dubai uja unali wa chiyani. Aphunzitsi a laputopu sagulitsa zimenezo chifukwa palibe bwana angalipire kuti aphunzitsidwe kufunsidwa mafunso. Amagulitsa kaimidwe, kapumidwe pakati pa mawu, nthawi yoyenera kutsitsa mawu kuti anthu amve chisoni. Ndinaonapo ndondomeko ya semina ina imene inali ndi gawo lophunzitsa mabwana kusankha chofooka chawo chimodzi choti aziulula kwa ogwira ntchito kuti azioneka ngati anthu. Kusankha! Ngati mmene munthu amasankhira tayi.

Pa kampani ija imene inatitengera ku Mangochi panali manijala wina wamng'ono, woyang'anira nyumba yosungiramo katundu, munthu wosadziwa kulankhula pagulu. Akapatsidwa mpata pa msonkhano ankangoti "ndilibe zambiri" n'kukhala pansi. Mkazi wa mmodzi wa onyamula katundu atamwalira, ofesi inati galimoto ya kampani singapite ku maliro a munthu wa ganyu chifukwa malamulo salola. Bamboyu anatenga kapikapu kake, ananyamula bokosi ndi anamfedwa mpaka ku Ntcheu, anagona pa siwa pamodzi ndi amuna ena panja, ndipo mmawa anagwira nawo khasu kumanda. Lolemba anabwera ku ntchito osatchula kanthu. Ine ndinamva kwa mlonda, mlonda anamva kwa dalaivala uja, ndipo nditapitako patapita zaka kukatenga kalata yanga ya penshoni, mnyamata wina wolowa kumene, amene sanamuonepo bamboyo chifukwa anali atapuma kale, anandisimbira nkhani yomweyo pa geti, atawonjezera kuti mvula inkagwa ndipo pikapuyo inatitimira kawiri. Za mvulazo sindikuzikumbukira. Nditamufunsa ngati akudziwa kuti abwana aakulu ankapita kusukulu opanda nsapato, anati aikamo m'kabuku kamene amapatsa olowa kumene, pa tsamba lachiwiri, koma iye anali asanawerenge.